Wokonza mafiriji ndi ma AC amafunika mapepala anji? Yankho kwa mmisiri wa pa Kamwendo

Funso lachokera kwa mnyamata wa pa Kamwendo, m'boma la Mchinji. Akuti: "Ndinaphunzira kukonza mafiriji kwa malume anga ndipo pano ndimagwira ndekha. Ndimakonza mafiriji a m'nyumba ndi ma deep freezer a m'magolosale ndi m'mabutchala. Posachedwapa loji ina ku boma inkafuna woika ma AC asanu, koma atandifunsa laisensi ndinasowa chowaonetsa, ntchito n'kupatsa munthu wa ku Lilongwe. Pali mkulu wina akuti ndimupatse ndalama andipezere satifiketi popanda mayeso. Kodi laisensiyi imatengedwa kuti? Nanga gasi amene ndimagula ku Chipata ali ndi vuto? Msuweni wanga ali ku Joni akuti ndipite kumeneko, kodi akandilola kugwira?"

Achimwene, ndiyambe ndi mkulu wa satifiketiyo, pakuti ndiye angakupwetekeni msanga kuposa zonse mwafunsazi. Musamupatse ngakhale tambala. Pepala logula limagwira ntchito pamaso pa kasitomala wa pamsika, yemwe sakanalifunsa n'komwe. Ku ofesi yomwe imafunadi mapepala amayang'ana nambala ya satifiketi, ndipo foni imodzi yopita kwa amene akuti anaipereka imakwanira kuti zonse ziyaluke. Kupereka chikalata chabodza ndi mlandu wa kupolisi. Komanso m'boma ngati lanuli mbiri yotero siichedwa, imakafika ku Mkanda ndi ku Kapiri inu musanabwerere kunyumba. Adobadoba a mapepala amadyera anthu ngati inu, odziwa ntchito koma oopa mayeso, ndipo iwowo ndi amene amakuza mantha a mayesowo kuti malonda awo ayende.

Pepala limodzi loti mukalitenga ndiye kuti mwathana ndi zonse kulibe. Ntchito yathuyi imakhudza maofesi angapo ndipo iliyonse imayang'ana mbali yake. Ina imafuna kudziwa luso la manja anu, ina magetsi omwe mukulumikiza, ina bizinesi ndi msonkho, ina gasi. Amisiri ambiri amathamangira mapepala a bizinesi chifukwa ndi osavuta, n'kusiya la luso. Ine ndikuti yambani ndi la lusolo, chifukwa ena onsewo amatsamira pamenepo.

Maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999. Njira yoongoka ndi ya ku koleji: bungweli limalengeza malo a ophunzira m'makoleji a boma, munthu wa MSCE amafunsira, akasankhidwa amaphunzira m'kalasi n'kumapitanso kukagwira ku makampani. Lilongwe Technical College ndi imodzi mwa malo omwe za mafiriji ndi ma AC zimaphunzitsidwa. Koma kwa munthu amene ali kale ndi makasitomala, mwinanso banja lomuyang'ana, kutseka khonde zaka zingapo si nkhani yamasewera, ndipo sindikukakamizani.

Njira yanu ndi ina. Kwa zaka zambiri amisiri ophunzira pamanja akhala akulowera pa Trade Test ya Unduna wa Zantchito, kuyambira Grade 3 n'kumakwera mpaka Grade 1 yomwe ndi yapamwamba. Boma lakhala likuphatikiza mayeso amenewa ndi a Malawi Craft komanso a TEVETA kuti satifiketi ikhale ya mtundu umodzi, ndipo TEVETA ili ndi ndondomeko yotchedwa Recognition of Prior Learning, yoyesa munthu pa zomwe anaphunzira kunja kwa kalasi. Ndondomeko imeneyi anaipangira anthu ngati inuyo. Pitani ku ofesi ya zantchito ku boma, kapena ku ofesi ya TEVETA ku Lilongwe, mukanene nokha kuti ndine mmisiri wa mafiriji wophunzira kwa malume, ndikufuna kuyesedwa. Akuuzani nthawi yolembetsa, malo a mayeso ndi ndalama zake, ndipo ndalama iliyonse mukapereke pa kauntala kapena ku banki n'kulandira risiti. Tengani chiphaso cha unzika, kalata ya malumewo yonena zaka zomwe munagwira nawo, ndi makalata awiri kapena atatu a makasitomala odziwika, monga mwini butchala kapena mkulu wa sukulu yomwe munaikonzera firiji.

Ndikuuzeni pomwe anyamata a pakhonde amagwera, chifukwa ndawaphunzitsa ambiri. Manja awo nthawi zambiri amaposa a anzawo a ku koleji. Kusintha kompuresa, kuwotcherera paipi ya kopa, kumva ndi khutu lokha kuti relay yapsa, zonsezi amachita ali chitsinzire. Amagwa akafunsidwa chifukwa chake. N'chifukwa chiyani kondensa, mapaipi a kumbuyo kwa firiji aja, imatentha pomwe m'kati mukuzizira? Kapilari, kapaipi kowonda kodutsamo gasi kaja, imagwira ntchito yanji, nanga mukaidula masentimita 20 chisinthe n'chiyani? Akawapatsa chojambula cha mawaya chomwe chimamatidwa kumbuyo kwa firiji kuti alondole njira ya magetsi kuchokera pa pulagi, kudutsa pa thermostat ndi overload mpaka pa kompuresa, thukuta limayamba kutsika. Izi si zovuta. Miyezi iwiri ya madzulo ndi buku la ophunzira a chaka choyamba, kapena kukhala pansi ndi mnzanu wotuluka ku koleji n'kumamulipira ndi kumuphunzitsa kuwotcherera, mwathana nazo.

Chachiwiri chimene chimawagwetsa ndi chizolowezi, ndipo apa ndiyankhula mosabisa ngakhale ndikudziwa kuti malume anakuphunzitsani ndi mtima wonse. Pakhonde mukamaliza kuwotcherera mumatsegula gasi pang'ono kuti akankhe mpweya, kapena mumakoka ndi kompuresa yakale yomwe munaisandutsa pampu. Woyesa akaona zimenezo amalemba kale m'buku mwake. Mpweya umatulukadi, koma chinyezi chimatsala, ndipo chinyezi ndiye mdani. Mwaionapo firiji yomwe imazizira bwino ola limodzi, kenako n'kusiya, mukaizimitsa kwa kanthawi n'kuyatsanso n'kuyambanso kuzizira? Ndi kadontho ka madzi kamene kamauma pakamwa pa kapilari n'kutseka njira, firiji ikapuma n'kusungunuka. Pa makina a gasi wotchedwa R134a zimaipa kuposa pamenepo, chifukwa oilo wake amamwa chinyezi n'kusanduka asidi amene amadya mawaya a m'kati mwa kompuresa. Pakatha miyezi inayi mayi wa mafirizesi amabwera akulalata kuti munamuikira kompuresa yakutha, pomwe inali yatsopano ndipo yaphedwa ndi madzi. Ntchito yolongosoka ndi iyi: mukatsegula makina, sinthani drier, kachubu koyamwa chinyezi kaja, yesani ngati pali podontha ndi naitirojeni, kokani ndi vacuum pump yeniyeni, pampu yokoka mpweya ndi chinyezi, mpaka geji ifike pa ma micron 500, tsekani muone ngati ikukwera, kenako thirani gasi pa sikelo. Satifiketi ya luso imanena kuti mwini wake amadziwa zimenezi. Ndi chifukwa chake achipatala sangalole munthu wopanda pepala kugwira firiji ya katemera, yomwe iyenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8 usana ndi usiku.

Tibwere ku magetsi, pomwe ndikuganiza kuti a pa loji anali ndi nkhawa yaikulu. Firiji ya m'nyumba mumaizula pa soketi, n'kuikonza, n'kuibwezera, mawaya a nyumba simunawakhudze. AC ya split, ya zigawo ziwiri, china m'chipinda china panja, ndi nkhani ina. Imafuna waya wakewake kuchokera pa bolodi, bureka yakeyake ndi swichi yodulira pafupi ndi makina a panja. AC ya ma BTU 12,000 imakoka ma amp 5 kapena 6 pa magetsi athu a ma volt 230. Zisanu pamodzi zikuyandikira ma amp 30, musanawerengere magiza ndi zophikira. Mukazimangirira pa waya wa masoketi omwe analipo kale, tsiku lina mu October zipinda zonse zili ndi alendo, waya adzatentha m'denga momwe palibe akuona. Ntchito yoyala ndi kusintha mawaya a nyumba imafuna chilolezo cha MERA, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2004 loyang'anira za mphamvu, ndipo zilolezozo zili m'magulu malinga ndi kukula kwa ntchito yomwe munthu angagwire. Oika magetsi a dzuwa nawonso amadzera komweko. Nyumba ikapsa, a inshuwalansi ndi a ESCOM adzafunsa kuti anayala waya ndani.

Kodi ndiye kuti muthamangire chilolezo cha MERA? Osati lero. Nachonso chimafuna pepala la luso la zamagetsi, ndipo mukathamangitsa zonse nthawi imodzi simugwira ngakhale chimodzi. Pezani mmisiri wa magetsi wa ku boma amene ali nacho kale, mugwirizane. Iye ayale waya mpaka pa swichi n'kusainira mbali yake, inu mutenge kuchokera pa swichi kupita ku makina. Pa kotesheni lembani mayina onse awiri. Makampani ambiri a m'tauni amagwira chomwecho, kungoti inu mumaona galimoto imodzi.

Mwina mwaonapo pa intaneti kuti kunja ntchitoyi amaiphatikiza ndi zotenthetsa nyumba. Kwathu kuno kuzizira kwa June ndi July timathana nako ndi juzi ndi mbaula, choncho mbali imeneyo ndi yochepa. Dziwani chabe kuti ma split ena ali ndi valavu yotembenuza njira ya gasi kuti azitenthetsa chipinda, musadabwe nayo. Magiza ndi a pulambala ndi a magetsi. Maboila a m'mafakitale ali pansi pa lamulo la 1997 la chitetezo ndi umoyo pa ntchito, ali ndi oyendera akeake, musawayandikire.

Za bizinesi ndidutsa mwachangu chifukwa si zovuta. Lembetsani dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, tengani nambala ya msonkho ya TPIN ku MRA, lipirani laisensi ya malonda ku khonsolo ya Mchinji chaka ndi chaka, ndipo tsegulani akaunti ya ku banki m'dzina la bizinesiyo. Loji, sukulu ya mishoni kapena bungwe lililonse lomwe mabuku ake amawerengedwa silingakupatseni ndalama zambiri pamanja popanda invoisi ya chidindo ndi TPIN, ngakhale atakukondani bwanji. Musadabwe akadula kamsonkho pa malipiro anu, lamulo limawauza kutero, inu funsani pepala losonyeza kuti adula. Ntchito za boma zimafunanso kulembetsa ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma, ndipo zoika makina m'nyumba zomwe zikumangidwa zimadzera ku bungwe loyang'anira zomangamanga lomwe ambirife tinalizolowera ndi dzina loti NCIC. Zimenezo ndi za mtsogolo. Musawononge ndalama ya vacuum pump polembetsa ntchito zikuluzikulu zomwe simunafike pozipikisana.

Nkhani ya gasi ndiyo yaikulu, ndipo ndi yomwe ikusintha ntchito yathu pansi pa mapazi athu.

Malume anu anayamba ndi R12. Gasi ameneyo anapezeka kuti akuwononga ozoni, mpweya wa kumwamba womwe umatitchinjiriza ku ukali wa dzuwa, ndipo mu 1987 maiko anasainirana pangano la ku Montreal loti athetsedwe. Malawi ali m'panganoli. Kwa maiko ngati lathu R12 inatha mu 2010. Pano yomwe ili panjira yotuluka ndi R22, ya ma AC akale ndi ma cold room ambiri: kuchuluka kwake kunaimitsidwa mu 2013, kunadulidwa ndi 35 peresenti mu 2020, ndi 67.5 peresenti mu 2025, ndipo pofika 2030 idzatsala yochepa kwambiri yongokonzera makina akale. Mukaona mtengo wa silinda ya makilo 13.6 ukukwera musangoti ndi kwacha yokha.

Omwe analowa m'malo mwake, R134a ndi R410A, saononga ozoni koma amatenthetsa dziko koopsa. Kilo imodzi ya R134a yotayidwa mumlengalenga ikufanana ndi makilo 1,430 a mpweya wa kaboni, ya R410A imapitirira 2,000. Ndiye mu 2016 ku Kigali maiko anawonjezera pa pangano lija kuti amenewanso achepetsedwe, ndipo Malawi anavomereza mu 2017. Kwa gulu la maiko ngati lathu kuchuluka kwake kunaimitsidwa mu 2024, kudulidwa koyamba kwa 10 peresenti kukubwera mu 2029.

Zimenezi zikukukhudzani pawiri. Koyamba ndi ku Mwami, pa chipata cha m'malire ndi Zambia. Popeza dziko linalonjeza kuti silipitirira mlingo wakuti, gasi wa mafiriji salowa ngati sopo kapena zitenje. Amene akulowetsa ayenera kukhala ndi chilolezo cha nthambi ya boma yoona za chilengedwe, komwe kuli ofesi ya ozoni, ndipo amapatsidwa mlingo wake. Malamulo a mankhwala owononga ozoni alipo kuyambira 1998, ndipo lamulo la chilengedwe la 2017 linabweretsanso bungwe loteteza chilengedwe la MEPA. A kasitomu amaphunzitsidwa kuzindikira masilinda amenewa. Ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono pa chipata isakunamizeni, siichotsa kufunika kwa chilolezo pa katundu woyang'aniridwa ndi lamulo. Silinda yodutsa njira zachidule pa njinga yamoto ndi katundu wozembetsa, ndipo akaigwira simudzangoluza silindayo. Ndikudziwa kuti Chipata ili pafupi kuposa Lilongwe ndipo mtengo nthawi zina umakoma. Koma gulani kwa ogulitsa a m'dziko muno omwe analowetsa mwalamulo, musunge risiti. Mukasonkherana amisiri atatu kapena anayi, mmodzi n'kupita ku Lilongwe kukagulira onse, thiransipoti siipweteka.

Pali chifukwa china chomwe chilibe nazo ntchito za malamulo. Gasi wotchipa wosadziwika kochokera nthawi zambiri si amene walembedwa pa chitini. Ena amasakaniza R22 ndi zina n'kulemba R134a. Mu 2011 makontena ozizira a m'sitima zapamadzi anaphulika m'madoko a ku Vietnam ndi ku Brazil, amisiri n'kufa, ndipo kunapezeka kuti gasi wabodza anali ndi methyl chloride, amene amadyana ndi aluminiyamu wa m'kati mwa kompuresa. Inu mulibe makina oyezera gasi. Chokutetezani ndi kudziwa amene wakugulitsani, kuti zikavuta mukhale ndi khomo logogoda.

Kachiwiri, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, gasi watsopano amayaka. Mafiriji a m'nyumba ambiri a masiku ano ndi a R600a. Mafiriji a zakumwa ndi ma freezer ambiri atsopano ndi a R290. Oyambawo ndi isobutane, achiwiriwo ndi propane, abale ake a gasi wophikira. Ma split atsopano akubwera ndi R32, amene naye amayaka ngakhale pang'ono. Onsewa saononga ozoni komanso satenthetsa dziko kwambiri ngati R134a ndi R410A, ndipo firiji ya R600a imadya magetsi ochepa, koma njira zomwe zinkayenda pa R12 zikhoza kukuchotsani nsidze kapena kuposa apo.

Tengani firiji ya R600a, muwerenge kachikwangwani ka kumbuyo. Mupeza kuti imalowa magalamu mwina 40, mwina 60, osafika theka la R134a yomwe ikanalowa m'makina a kukula komweko. Gasi ameneyu amawira pa madigiri pafupifupi 12 pansi pa ziro, choncho firiji ikamayenda bwinobwino singano ya geji ya buluu, yoyeza presha ya gasi wobwerera ku kompuresa, imatsika pansi pa ziro. Mmisiri wozolowera R134a akaona singano ili pamenepo amati gasi wachepa, n'kuwonjezera, n'kuwonjezeranso, kufuna kuti ikwere pomwe anazolowera. Akamatseka valavu wathira kawiri mlingo wake. Chisanu chimafika mpaka pa kompuresa, firiji siizizira bwino, kompuresa imalira usiku wonse. Kuthira R600a ndi diso kuli ngati kuthira mchere m'ndiwo ndi fosholo. Pamafunika sikelo yowerenga galamu imodzi imodzi, ndipo mlingo ndi umene walembedwa pa kachikwangwani, osati umene ukuoneka bwino kwa inu.

Gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, amatsetsereka pansi n'kudikha pakona, ndipo wa m'firiji alibe fungo lochenjeza ngati wophikira. M'kagolosale kopanda zenera, mbaula ili pakhomo, wina akusuta, inu mwadula paipi n'kuyatsa moto wowotcherera: ndi momwe ngozi zake zimachitikira. Tulutsani firiji panja kapena tsegulani zonse, chotsani gasi yense, tsukani ndi naitirojeni, ndiye muyatse moto. Podontha fufuzani ndi thovu la sopo kapena makina ake, osati kandulo. Ndipo pali zinthu ziwiri zomwe ndimaziona m'misika zomwe ndikupemphani musadzazichite. China ndi kuthira gasi wophikira m'firiji poti ndi wotchipa. Ndi wosakaniza, ali ndi chinyezi ndi mankhwala a fungo, ndipo mukamuthira m'firiji yakale ya R134a yomwe relay ndi swichi zake sizinapangidwire gasi woyaka, mwasiya ngozi m'nyumba ya munthu wosadziwa kanthu. China ndi kupopa makina ndi okosijeni wa owotcherera poti naitirojeni palibe. Okosijeni akakumana ndi oilo pa presha amaphulika, popanda ngakhale machesi.

R410A ndi R32 vuto lawo ndi presha, yomwe imaposa ya R22 ndi theka kapena kupitirira. Mageji ndi mapaipi a R22 musawagwiritse pamenepo. Ndipo R22 yakale ikakhudzana ndi lawi imatulutsa utsi wa poizoni woluma m'mphuno, mukaumva tulukani.

Chifukwa cha zonsezi, ofesi ya ozoni mothandizidwa ndi nthambi za United Nations yakhala ikuchititsa maphunziro afupiafupi a amisiri, a kagwiridwe kabwino ka gasi, kukoka gasi wakale n'kumusunga m'silinda m'malo momutayira mumlengalenga, ndi chitetezo pa gasi woyaka. Mukamva kuti akuchitika, lowani, ngakhale mutseke khonde sabata yathunthu. Mukapita ku Lilongwe za mayeso zija, dutsaninso ku ofesi imeneyi mukalembetse dzina ndi nambala ya foni, chifukwa poitana anthu amayamba ndi omwe akuwadziwa, ndipo amisiri a m'maboma amaphonya kawirikawiri chifukwa palibe anawalemba. Maiko ambiri akulowera koti gasi woyaka azigwiridwa ndi amisiri ovomerezeka okha. Maganizo anga ndi akuti amene ali ndi mapepala awiri, la luso ndi la maphunziro a gasi, ndiye adzakhale akugwira ntchito za ma cold room, mathanki oziziritsa mkaka ndi zipatala zaka zikubwerazi, enawo adzatsala ndi mafiriji akale omwe akutha okha.

Za ku Joni, msuweni wanu akuuzeni zonse. Kumeneko wogwira gasi wa mafiriji ndi ma AC amalembetsedwa ku SAQCC Gas n'kupatsidwa khadi, malinga ndi malamulo a 2009 a zipangizo za presha, ndipo satifiketi yakunja imayamba yaunikidwa ndi bungwe la SAQA. Wopanda zimenezo, komanso wopanda chilolezo chogwira ntchito m'dzikomo, amakhala wonyamula makwerero a mnzake. Ku Zambia kuli bungwe lawo lotchedwanso TEVETA, koma ndi lina, si lathuli, ndipo za gasi zimayang'aniridwa ndi ZEMA. Konseko choyamba kufunsa ndi pepala la luso la kwanu, choncho ngakhale mtima uli paulendo, yambani mwalitenga. Mavidiyo a pa YouTube amatchula kwambiri EPA 608. Imeneyo ndi satifiketi ya ku America, ya lamulo lawo la mpweya, ndipo kuno palibe ofesi yomwe ingakufunseni. Onerani mavidiyowo kuti muphunzire, koma musalipire madola pa mayeso ake.

Ndalama zomwe mkulu uja amafuna zigaweni chonchi. Yoyamba sikelo ya magalamu, chifukwa ndi yotchipa ndipo iyamba kukubwezerani sabata yomweyo. Yotsatira vacuum pump, ngakhale yaing'ono, kenako mageji owerenga R600a ndi R410A, magalasi a m'maso, magulovu ndi chozimitsira moto cha ufa. Silinda ya naitirojeni ndi makina okokera gasi wakale ndi zodula, zimenezo sonkheranani ndi anzanu a ku boma ndi a pa Waliranji muzibwerekana. Gulaninso kope la chikuto cholimba. Ntchito iliyonse lembani tsiku, dzina la kasitomala, mtundu wa makina, vuto lomwe munapeza, gasi wanji ndi magalamu angati, ndipo kasitomala asainire. Jambulani pa foni musanayambe ndi mutamaliza. Oyesa a TEVETA amafuna umboni wa ntchito zomwe munagwirapo, ndipo kope limeneli ndi lomwe mudzawaikire patebulo. Ngati muli ndi kamnyamata kokuthandizani, kalembeni m'kope momwemo tsiku lomwe kanayamba, kuti nako kadzakhale ndi kalata yochokera kwa inu kakadzafuna kuyesedwa.